Madzi Amene Ndinamwetsa Anthu a Kumalaini

Zikomo atcheya pondipatsa mpata. Abale ndi alongo, amene muli ndi chakudya m'manja yambani mwachiika pansi, chifukwa zimene ndinene panozi sizigwirizana ndi kutafuna. Dzina langa ndine Waisoni. Ena mumandiona ndikudutsa pa Chinakanaka pano ndi alendo obereka zikwama kumsana, nde mumati uyu ali pabwino, ntchito yake n'kungoyenda basi. Lero ndabwera kudzakuuzani za nthawi imene ntchito yanga inali kuyenda komweko, koma ine osayenda.

Ndinagwira zaka zambiri pa esiteti ina ya tiyi m'munsi mwa phirimu. Dzina lake sinditchula, chifukwa kampaniyo sinalakwe kanthu, wolakwa ndi amene waima pamaso panuyu. Ndinalowa ntchito boma litangosintha kumene, anthu atayamba kuvala nsalu za zipani zosiyanasiyana. Ntchito yanga inali yoyenda ngalande. Achinyamata mwina simukuidziwa. Kalekale azungu anakumbitsa ngalande kuchokera kumtsinje, kumtunda kwenikweni m'phiri, kudzafika kuthanki ya kumalaini kumene antchito tinkakhala ndi mabanja athu. Anaikumba ndi makolo athu omwe aja ochokera ku Mozambiki, ndi makasu, n'kuiwaka ndi miyala. Mijigo inali isanafike. Madzi akumwa, ophikira, osambitsira khanda, onse ankatuluka pampopi umodzi, ndipo onse ankadzera m'ngalande imeneyo. Choncho pankafunika munthu mmodzi woti sabata iliyonse aiyende yonse, kuchokera kuthanki mpaka kumutu kwake, kuona ngati yagumuka, kuchotsa zinyalala, ndi kutsuka sefa.

Unali ulendo wa masiku awiri. Lachiwiri m'mamawa ndinkanyamula reki, chikwanje ndi chinangwa chophika. Umayamba m'minda ya tiyi, othyola akukupatsa moni mitanga ili kumsana. Kenako umalowa m'mabulugamu. Ukatuluka m'menemo ngalande imakakamira m'mbali mwa thanthwe, njira yake yongokwana phazi limodzi, kumanzere madzi, kumanja phompho. Pali malo ena pamene madzi amawoloka chigwembe m'chimgolo chachitsulo, iwe n'kuwoloka pathabwa. Ukapitirira pamenepo umayenda m'mbali mwa mtsinje weniweniwo, m'nsungwi, pamiyala yoterera, kukwera mpaka miyendo kumachita kukudandaulira. Dzuwa likamapendeka umafika pakadamu pamene ngalande imayambira. Pakhomo pake pali sefa, zitsulo zoimika ngati mano a chipeso, zotchinga masamba ndi nthambi. Umakokola ndi reki, umagona m'kanyumba ka malata, Lachitatu n'kutsika. Ndikuuzeni zoona, ntchitoyo ndinkaikonda, ndipo njirayo mapazi anga ankaidziwa okha.

Tsono akuluakulu a kampani sanali opusa. Ankadziwa kuti munthu akhoza kukagona pamthunzi n'kubwera n'kumati ndafika. Anali ndi njira yawo yotigwirira. Panali tizitsulo tiwiri, tinkatitcha matikiti, ina yopaka utoto wofiira, ina woyera. Imodzi inkakhala pamsomali pamtengo kumutu kwa ngalande, ina kwa akapitawo. Ukamanyamuka akapitawo amakupatsa yofiira, ukafika umaikoleka pamsomali, n'kutsika ndi yoyera. Sabata yotsatira umakwera ndi yoyera, n'kubwera ndi yofiira. Tikiti ikasintha ndiye kuti munthu wafika. Akapitawo athu anali a Namaona, munthu wosaseka wamba, koma wachilungamo.

Kugwa kwanga sindikuchedwetsani nako, ambiri muno njira yake mukuidziwa. Pamene mabulugamu amathera panali nyumba ina yotcheza kachasu. Poyamba ndinkaima pobwerera, kakapu kamodzi kochotsa kutopa. Kenako ndinayamba kuima popita, eti kotenthetsa m'thupi. Kenako kapu inabala botolo. Kenako ndinayamba kufika kusefa kutada, kukokola mwachisawawa, mawa n'kuthamangira kutsika kuti ndikapeze anzanga asanamalize. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Panyumba pomwepo ndinadziwana ndi Sipiriyano, wa kutsidya kwa malire, amene ankasenza matabwa kuchokera kwa ocheka m'phiri. Tsiku lina ndikudandaula za mtunda, iye anaseka.

"Mbwiye, ukuzivutitsiranji?" anatero. "Ine mtengo wa msomaliwo ndimaudutsa tsiku ndi tsiku. Bweretsa kachitsuloko."

Ndinamupatsa. Mawa lake anabwera ndi tikiti inayo, ine ndinamugulira kapu, nkhani n'kutha. Kuyambira pamenepo tikiti ndi imene inkakwera phiri, ine ndili chikhalire pabenchi masiku awiri. Sipiriyano sindimuimba mlandu. Mtengo uja uli pamwamba panjira, sefa ili kunsi kuseri kwa mwala, ndipo kusuzumirako sinali ntchito yake.

Chimene chimandinyansa kwambiri ndikakumbuka ndi ichi. Lachitatu masana ndisanatsikire kumalaini, ndinkalowa m'ngalande dala kuti jombo zinyowe. Ndinkatapa matope n'kudzipaka m'mawondo ndi m'zigongono. Rekinso ndinkaipaka. Munthu wamkulu, wa ana atatu, kumadzikongoletsa ndi matope kuti ndioneke wolimbikira. Ndikafika, a Namaona ankalandira tikiti n'kumauza anthu kuti, "Waisoni ndiye munthu. Kaya chiperoni, kaya dzuwa, amafika." Ine n'kumagwedeza mutu modzichepetsa.

Amene sindinawapusitse ndi akazi anga, a Lusiya. Tsiku lina akutsegula kathumba kanga anapeza chinangwa chili chonse.

"Bambo a Esime," anatero, "munthu wochokera kuphiri amabwera ndi njala. Inu mukumabwera ndi fungo."

Ndinawakalipira kuti za ntchito ya amuna azisiye. Miyezi itatu inatha sefa ija osaiona ndi maso anga.

Inafika nyengo yotentha, mvula isanagwe, mtsinje utachepa. Madzi a pampopi anayamba kumveka kafungo. Ukatunga n'kusiya mundowa, pamwamba pankayandama timafuta. A Lusiya anandifunsa, ine ndinati ndi masamba a bulugamu, chaka chilichonse amatero. Anthu ena anandifunsanso, poti mwini ngalande ndinali ine, ndipo onse ndinawayankha chimodzimodzi. Anandikhulupirira. Ndani akanatsutsa munthu amene amafika kumutu sabata iliyonse?

Kenako anthu anayamba kutsegula m'mimba. Woyamba anali mwana wa a Dolesi. A Dolesi anali oyandikana nafe khomo, mayi wamasiye, wothyola tiyi, ndipo Loweruka ankaphika nyemba zija za kalongonda n'kumagulitsa pamalaini. Inu a kuno mukudziwa kuti kalongonda sachita naye masewera. Amafuna kuphika tsiku lonse, kutaya madzi kangapo, apo ayi amakuzunguza mutu ndi m'mimba momwe. Ndiye pamene ana ena anayamba kudwala, ndi akulu omwe, anthu anaphatikiza okha. Woyamba kudwala ndi wa kwa a Dolesi. Ophika zogulitsa ndi a Dolesi. Basi, mlandu wapezeka mwini. Anati amaumira nkhuni, saphika mokwanira. Anati ndi auve, sasamba m'manja. Azimayi anayamba kumatsuka mpopi a Dolesi akangougwira. Ine ndinkamva zonsezi, ndipo ndinkavomereza nawo kuti inde, ukhondo ndi wofunika.

Mwana uja anamwalira kuchipatala Loweruka, tinaika Lolemba. Ine ndinali m'gulu la okumba manda, mutu ukuwawa ndi matsire. Ngakhale pamaliro pomwepo anthu ankanong'onezana kuti mayiyu wapha yekha mwana ndi uve. Titachoka kumanda anatiikira beseni la madzi kuti tisambe m'manja monga mwa mwambo. Ndinasamba. Ndikupukuta kumaso, manja anadutsa pamphuno.

Abale, ine ndinali nditayenda ngalande zaka zambiri. Ndinachotsamo makoswe akufa, ndinachotsamo njoka, chaka china ndinachotsamo gwape. Fungo la masamba ndimalidziwa, fungo la chinthu chakufa ndimalidziwanso. Dzuwa linali litatenthetsa madzi aja m'beseni, ndipo fungo linatuluka poyera. Sanali masamba a bulugamu. Mwina ndinali nditadziwa kale masabata onsewo, koma mowa unkandithandiza kusadziwa. Tsiku limenelo ndinaimirira pamenepo manja ali m'mwamba, osafuna kuti akhudze malaya anga.

Mawa lake linali Lachiwiri. Ndinalandira tikiti kwa a Namaona n'kunyamuka. Nditafika pothera mabulugamu, Sipiriyano anali kale pabenchi, dzanja atatambasula.

"Lero ndipita ndekha," ndinatero.

"Wadwala, mbwiye?"

"Ndati ndipita ndekha."

Ulendo umenewo sindidzauiwala. Miyendo inali itaiwala mtunda. Ndisanafike n'komwe pathanthwe ndinali nditasanza kawiri, thukuta likununkha kachasu wa dzana. Ndipo ngalande yanga, ine mwini wake, ndinachita kuidabwa. Udzu unali utagweramo mbali zonse. Pena khoma linagumuka, ng'ombe zinkatsikirapo kudzamwa, ndowe zili mbwee m'mphepete. Pena munthu anaviikamo matumba a chinangwa, poona kuti mwini malo kulibe. Pathabwa lowolokera paja ndinakwawa ndi mawondo, munthu amene kale ndinkawoloka ndikuimba mluzu. Ludzu linandigwira koopsa, madzi akuyenda pambali panga ulendo wonse, koma sindinayerekeze kumwa. Ndinkangoganiza kuti madzi amene ine ndikuwakanawa, pofika madzulo akhala ali m'makapu a anthu.

Nditalowa m'nsungwi fungo linayamba kundichingamira. Likachoka ndi mphepo, likabweranso lokulirapo. Nditazungulira mwala womaliza ndinayamba kumva ntchentche ndisanazione, zija zobiriwira zikuluzikulu.

Pasefa panali nyani. Nyani wamkulu, wamphongo. Kaya anagwa pathanthwe, kaya anamulasa osaka n'kudzafera m'madzi, sindikudziwa. Madzi anamukankhira pazitsulo paja n'kumupanikiza, ndipo anakhala pamenepo masabata, akufufuma, akuphulika, akusungunuka. Ubweya unali utasupuka. Mphutsi zinali zitadzaza mbali imene inali kunja kwa madzi. Ndipo madzi onse olowa m'ngalande, dontho lililonse, ankadutsa m'mimba mwa chinthu chimenecho. Ndinaona ndi maso anga timinofu toyera tikuthothoka, n'kulowa pakati pa zitsulo, ulendo wa kumalaini.

Ndinayesa ndi reki, reki inkangong'amba. Ndinavula malaya n'kulowa m'madzi mpaka m'chiuno. Ndinagwira mkono kuti ndikoke, mkono unatsala m'manja mwanga. Munaonapo dzanja la nyani pafupi? Lili ndi zala zisanu ndi zikhadabo ngati lathuli. Ndinaliponya kumtunda n'kusanza mpaka kutuluka ndulu yokhayokha. Ndinamutulutsa zidutswazidutswa, ndi manja awa, mphutsi zikundikwera m'mikono. Ndinakumba dzenje ndi chikwanje patali ndi madzi n'kukwirira. Ndinakwecha sefa ndi mchenga, ndinadzikwecha ndekha mpaka khungu kuwawa, koma fungo linali litalowa m'mphuno, osachoka. Nyaniyo sanandinyanse ngati mmene ndinadzinyansira ine. Iye anangofa, analibe tikiti m'thumba. Chikhala kuti ndinafika sabata imene anagwa, ikanakhala ntchito ya mphindi zochepa.

Tsopano apa mvetserani bwino, chifukwa maumboni ambiri amanama pamalo ngati ano. Musaganize kuti ndinatsika phiri ndili wolapa. Ayi. Ndinagona m'kanyumba kaja, m'mawa ndinasintha tikiti, ndipo potsika ndinkawerengera zanga. Palibe wandiona. Nyani ndakwirira. Masiku atatu madzi ayera okha, matenda atha, anthu adzati a Dolesi asiya kuphika n'chifukwa chake. Ine ntchito ili m'manja, nyumba ya kampani ili m'manja, ndingosiya kutuma Sipiriyano basi. Ndinafika mpaka pomadziuza kuti kuulula sikudzutsa mwana. Umu ndi mmene mtima wa chidakwa umaganizira, ngakhale utaona zimene ine ndinaona.

Ndinafika kumalaini Lachitatu chakumadzulo, nthawi imene azimayi amatunga madzi akaweruka. Njira yopita kwa akapitawo imadutsa pampopi. Panali mzere wa ndowa. Chapatali, payekha, panaima a Dolesi, duku lakuda kumutu, ndowa m'manja. Anali atangoika mwana dzana. Atasendera pang'ono, mayi wina anawabweza.

"Dikirani timalize kaye. Ndowa yanuyo isagunde pampopi, tili ndi ana ife."

"Chabwino, ndidikira," anatero a Dolesi, n'kubwerera pamene anaima.

Sanakangane, sanalire. Anali atavomera kuti ndi zoona, kuti iwowo ndi amene anapha mwana wawo. Ndinafuna kudutsa mwachangu, koma anandiona.

"Mwabwerako, bambo a Esime? Pepani ndi ulendo." Anaika ndowa pansi n'kuwomba m'manja mwaulemu. "Sindinakuthokozeni dzana. Munamukumbira bwino mwana wanga. Mulungu akudalitseni."

Pa zonse zimene zinandichitikira, palibe chinandilasa ngati kuthokoza kumeneko. Akanandituka bwenzi nditadutsa. Ndinaima, reki paphewa, tikiti m'thumba. Kenako ndinamva mawu anga akutuluka.

"Amayi, tayani madzi amenewo. Nonse tayani."

Azimayi onse anandiyang'ana.

"Kusefa kunali nyani wakufa. Wakhalako masabata. Ndamuchotsa dzulo."

Mayi uja wobweza anzake anafunsa, "Nanga sabata yathayi simunamuone bwanji?"

"Sindinapite. Tikiti ndinkatuma munthu. Ine ndinkakhala kokachasu."

Kenako wina anayamba kusanza pomwepo. Ena anakhuthula ndowa, ena anathamangira kunyumba kukalanda makapu m'manja mwa ana. Bambo wina anabwera n'kundilavulira pachifuwa, ndipo sindinapukute. A Dolesi okha sanasunthe.

"Miyezi ingati?" anafunsa.

"Itatu."

"Ndiye kalongonda wanga analibe mlandu?"

"Analibe, mayi."

"Manja angawa analibe mlandu?"

"Analibe."

Anayang'ana manja awo kanthawi, anatola ndowa yopanda madzi, n'kupita kwawo. Atatseka chitseko m'pamene tinamva kulira, kulira kumene sanalire ngakhale kumanda.

A Namaona analandira tikiti osandiyang'ana kumaso. Anangoti, "Ndinkakutamanda pamaso pa anthu, Waisoni. Wandidyetsa manyazi." Azaumoyo anabwera, anatsuka thanki, anathira mankhwala. Mmodzi wa iwo anandiuza kuti sangatsimikize kuti ndi nyani yekhayo, poti ngalande yonse inali yoipa. Mwina ankafuna kundipepesa. Koma ngalande yonseyo woiyang'anira anali ndani? Ntchito inatha sabata yomweyo, nyumba tinatulutsidwa. A Lusiya anatenga ana kupita kwawo ku Milonde. Pokwera galimoto anandiuza kuti, "Kwathu mukudziwako. Koma musadzabwere ndi fungo limenelo."

Mukuganiza kuti ndinasiya mowa tsiku lomwelo? Madzi saiwala khwawa. Ndinamwa kuposa kale, pafupifupi mwezi wathunthu, ndikugona m'makhonde a sitolo pa Chonde, ndikudzikodzera, agalu akundinunkhiza n'kuchoka. Ndinkati ndikumwa kuti ndiiwale fungo lija. Bodza. Ndinkamwa chifukwa ndinali chidakwa, ndipo tsopano ndinali nditapeza chifukwa chomveka bwino.

Anandipeza ndi a Namaona, tsiku lamsika, ndili gone kuseri kwa ogulitsa nthochi. Anandigwedeza ndi nsapato.

"Dzuka. Ntchito sindikubwezera, usayembekezere. Koma amene talemba m'malo mwako ndi bambo wa kufakitale, phiri salidziwa, sabata yatha anatsala pang'ono kugwa pathanthwe. Lachiwiri umuperekeze. Kulibe malipiro. Ukabwera utamwa ndikubweza."

Ndinapita. Sindikudziwa chifukwa chake, mwina poti anali munthu woyamba mwezi wonsewo kundilankhula ngati ndingathe kuchita kanthu. Ndipo apa ndi pamene ndikufuna amene muli m'dzenje limene ndinalimo mutolepo kanthu, chifukwa sizinachitike mozizwitsa ayi.

Choyamba chimene ndinachita ndi kusintha njira. Nyumba ya kachasu ija ili panjira yachidule. Ine ndinayamba kuwoloka mtsinje kumunsi, kuzungulira, kukalowa m'ngalande kumtunda kwa mabulugamu. Zinkawonjezera ola lathunthu. Bambo wa kufakitale uja ankadandaula, ine ndinamuuza kuti ndikadutsa pabenchi paja, udzakwera wekha. Mpaka lero sindidutsapo. Osamadziyesa mphamvu pakhomo pa chimene chinakugwetsa.

Masabata oyamba thupi linkanjenjemera, manja osagwira reki bwinobwino. Ndinkayenda ndi nzimbe, chilakolako chikabwera ndinkatafuna mpaka nsagwada kuwawa. Usiku tulo tinkasowa, koma mtunda unkandithandiza, chifukwa munthu amene wakwera phiri tsiku lonse thupi limagona lokha. Masiku osakwera ndinkagwira maganyu m'madimba a chinanazi kuti ndisakhale ndi manja opanda kanthu. Ndinkagona kwa mkulu wina wa mpingo amene anandipatsa kakhitchini, ndipo lamulo lake linali limodzi, madzulo aliwonse ndikhale naye pafupi tilankhule, kuti amve mpweya wanga.

Chimene ndinaphunzira pamenepo n'choti chidakwa sachiyang'anira ndi tikiti. Chilichonse chimene mungatipatse kuti tibweretse ngati umboni, tipeza wotinyamulira. Timadziwa kulumbira, timadziwa kutafuna masamba a bulugamu kuti pakamwa pasanunkhe, timadziwa kulira pamaso pa abusa. Chimene chimagwira ntchito ndi munthu woyenda nawe, wokuona ndi maso. Pezani munthu wotero, ndipo mumuuze zonse, ngakhale zonyansazo.

Ndinaperekeza bambo uja mpaka mvula inagwa n'kutha. Ku Milonde ndinapita patatha chaka. A Lusiya anandilandira pakhonde, osati m'nyumba, ndipo panatenga miyezi ina kuti mkeka wanga ulowe m'kati. Sindiwadandaula. Patapita zaka mijigo inafika kumalaini, ngalande anaisiyira anthu a madimba. Kenako kunayamba kubwera alendo okonda kuyenda pansi, ofuna njira zakale za m'mbali mwa mitsinje, ndipo pofunsa amene amaidziwa ngalande, anthu ankaloza ine. Lero ndimawatenga masiku atatu, kukwera ndi ngalande, kutsika ndi mtsinje mpaka kukaona mtsinje waukulu wa Ruo. Amajambula miyala imene makolo athu anawaka, amati ndi zokongola. Wina akafuna kutunga m'botolo ndimamugwira dzanja, ndimati tiyeni tikaone kaye kumtunda.

Ndipo kunyansidwa sikunandithere. Ndikamayenda ndimatola timapepala ta mowa wa m'masacheti tikuyandama m'madzi amene kumunsi mayi akutsukira ndiwo. Ndimamva amuna pamsika akudzitama kuti, ine ndimamwa zanga, sindivutitsa munthu. Mawu amenewo amandibwezera fungo lija m'mphuno. Inenso sindinamenyepo munthu, sindinabepo nkhuku ya munthu, ndinkangokhala pabenchi mwamtendere. Aliyense muno pali chimene anakupatsani kuti muziyang'anira, kaya ndi ana, kaya ndi chiwongolero cha minibasi, kaya ndi geti ya sukulu. Pamene inu muli pabenchi, chinthucho chikuwola, ndipo amene akumwa zowolazo ndi wina amene sanalawepo n'kapu imodzi yomwe.

Ena amandiuza kuti Mulungu anakhululuka, iwalani. Za Mulungu ndimakhulupirira. Koma madzi akatayika saoleka, ndipo kuiwala si kwanga kuti ndisankhe. A Dolesi anachoka kumalaini chaka chomwecho, pano amakhala chakuno ku Chonde, amagulitsa tomato. Kalongonda sanaphikenso. Azimayi amene ankatsuka mpopi aja, ndi awiri okha amene anakapepesa. Ine ndikawapatsa moni amayankha, koma sanandipatsepo mpando, ndipo sindiyembekezera.

Atcheya atandipempha kuti ndidzalankhule kuno, ndinaona kuti nkhaniyi si yanga ndekha. Lachinayi lapitali ndinapita kukaima pabenchi lawo la tomato. Ndinadikira ogula achoke.

"Mayi, andipempha kuti ndikanene za ngalande pamaso pa anthu. Ndati ndiyambe ndamva kwa inu. Mukakana sindipita."

Anapitiriza kupanga milu ya tomato osandiyang'ana.

"Mukanena kuti sanali kalongonda?"

"Ndikanena."

"Mukanenanso kuti munakumba nawo manda?"

"Ndikanena zonse."

Kenako anadzutsa mutu, ndipo aka kanali koyamba pa zaka zonsezi kundiyang'ana m'maso.

"Pitani mukanene. Koma ndamva mmene mumaifotokozera nkhaniyi kwa anthu. Mumangoti mwana wa a Dolesi, mwana uja, mwana uja. Nyani mumamufotokoza mpaka zala zake. Mwana wanga anali ndi dzina, bambo a Esime. Kapena munaliiwala?"

Sindinaliiwale. Ndimaliopa, ndipo mwaona nokha kuti ndalankhula nthawi yonseyi ndikulizemba. Ankabwera pakhomo pathu kudzasewera ndi Esime, ankanditcha amalume, ndikamachokera kuphiri ankathamangira kudzandilandira reki ngakhale inkamulemera. Reki yomwe ija ndinkaipaka matope.

Dzina lake anali Tiyanjane. Anali ndi zaka zinayi. Ndathokoza, ndikhale pansi.